Tsiku Limene a Nyang'ama Anagwera Wilibala

A Nyang'ama anatchetcha udzu kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi pamalo pamene phokoso ndi mlandu. Ine zaka zonsezo ndinali pageti, ndiye ndinkawaona polowa m'mawa ndi potuluka madzulo. Dzina lawo lenileni lili m'mafayilo a ku ofesi. Ife tinkangoti a Nyang'ama, chifukwa cha kayendedwe kawo kosamveka.

Malowo ndi chigwa chachikulu chotchingidwa ndi waya. Pakati pali nyumba yopanda mawindo. Kuchokera panyumbapo pamatuluka mipope iwiri ikuluikulu yofunditsidwa simenti, wina kuloza kumpoto, wina kum'mawa, uliwonse wotalika makilomita anayi. M'mipopemo mulibe madzi, mulibe ngakhale mpweya. Mumangothamanga kuwala, kupita ndi kubwerera pakati pa magalasi. Eni ake amati zinthu zolemera kwambiri zikawombana kutali kumwamba, thambo lonse limachita mafunde ngati madzi a m'beseni, ndipo mafundewo akamadutsa pano mpope wina umatalika pang'ono, wina n'kufupika. Pang'ono pakepo mposaoneka ndi chilichonse chimene ine ndinagwirapo. Choncho makinawo amangokhala tcheru, ndipo vuto lawo ndi lakuti amamvanso zosawakhudza: lole pamsewu, mphepo, chitseko chomenyetsedwa.

A Nyang'ama anabadwa wachisanu ndi chiwiri m'banja la ana asanu ndi anayi. Bambo awo anali osula zidebe, ndipo ankasulira pakhonde, pansi pa windo la chipinda cha ana. Nyumbayo inali m'mbali mwa njanji. Atakula analowa ntchito kodula malata, nakhalako zaka zisanu ndi zitatu. Kenako anayesa ukondakitala wa basi, koma anawachotsa patangotha milungu iwiri, chifukwa poitanira anthu ankachita kuwayandikira mmodzimmodzi n'kuwauza kumene basiyo ikupita. Anakwatira mayi wogulitsa nsapato zakale pamsika, munthu wamtima wabwino, amene akanong'ona anthu a nyumba yachitatu amayankha.

Ntchito ya udzu anaipeza chonchi. Tsiku la mafunso analowa m'chipinda nakhala pampando, ndipo akuluakulu atatu anapitiriza kukambirana zawo kwa mphindi makumi awiri osadziwa kuti mwalowa munthu. Atawazindikira sanawafunsenso zambiri.

Makina otchetchera udzu saloledwa pafupi ndi mipope, chifukwa amanjenjemeretsa nthaka. A Nyang'ama ankagwira ndi chikwakwa. Ankayamba panyumba yopanda mawindo ija, kutsata mpope wakumpoto mpaka kumapeto, kubwerera mbali inayo, kenako wakum'mawa. Akamamaliza, udzu wa poyambira umakhala utameranso. Anali ndi wilibala ya tayala la mphira, ndipo m'mawa uliwonse ankaithira mafuta asanamwe tiyi.

Panalinso buku. Aliyense wogwira ntchito panja amayenera kulemba phokoso lililonse limene wachita, nthawi yake, ndi nambala ya pamalopo, pakuti simenti ya mipope ili ndi manambala kuyambira 1 mpaka 80. Bukulo limakhala pageti, patebulo langa. Anthu ena ankalemba kamodzi pamwezi, akakumbutsidwa. A Nyang'ama ankalemba tsiku lililonse. "10:14, pa 62, ndayetsemula kawiri." "1:05, pa 17, chikwakwa chagunda mwala waung'ono." Adokotala, amene amayang'anira zomvetserazo, mayi wamfupi wa imvi zongoyamba kumene, dokotala wa nyenyezi osati wa matenda, ankawerenga bukulo Lachisanu lililonse ali chiimire pageti.

Lamulo lina linali la anesi. Wogwira ntchito yekha kutali ndi anzake amayezedwa kamodzi pachaka, ndipo amene wapezeka kuti amachita chizungulire kapena kukomoka saloledwanso kupita yekha kumipope. Ntchito ya udzu ndi ya munthu mmodzi. Zimenezi a Nyang'ama ankazidziwa bwino.

Kunyumba kwawo kuli zipinda zitatu. Kumakhala iwo, akazi awo, mwana wawo wamkazi amene anabwerako ku ukwati ndi ana atatu, wailesi yosazima, ndipo kuseri kwa mpanda kuli wowotcherera zitsulo. Tsiku lina ndinawafunsa chifukwa chake satenga tchuthi. Anati, "Tchuthi ndi chimenechi, achimwene. Ndimalowa 7 koloko."

Chaka chathachi ndinayamba kuona kuti akafika pageti madzulo amayamba agwira chitsulo cha geti asanasaine. Ankagwira ngati akuchiyesa kulimba. Sindinafunse.

Lachitatu lina la mwezi wotentha anatuluka 5 koloko ngati masiku onse. Chigongono chakumanja chinali chosupuka. Kumsana kwa shati kunali udzu, ndipo chogwirira chimodzi cha wilibala chinali chitapindika.

"Bwanji mkonowo?" ndinafunsa.

"Udzu," anatero.

Analemba m'buku mizere iwiri ya m'mawa, nasaina, napita. Ndinayang'ana. Kuyambira 1 koloko mpaka 5 panalibe kanthu.

M'mawa mwake kunabwera magalimoto ambiri. Anthu amene sapereka moni anandipatsa moni. Cha m'ma 10 Adokotala anaitana tonse ogwira ntchito m'chipinda chomwera tiyi: ine, a Nyang'ama, amagetsi, oyeretsa awiri ndi dalaivala. Anaika kompyuta patebulo nati, "Mvetserani." Tinamva ngati mvula ya patali. Kenako panamveka kuti phi. Basi.

"Zatha?" anafunsa amagetsi, munthu wosasunga mawu m'kamwa.

"Zatha."

"Ine ndimayesa wina waponda chingwe."

Adokotala anaseka. Anati makina amva zimenezi dzulo, nthawi ili 2:41 masana, ndipo ngati n'zoona, ndiye kuti ndi maenje akuda awiri amene anawombana n'kukhala limodzi. Anafotokoza pang'onopang'ono, monga amachitira akabwera alendo. Nyenyezi yaikulu ikafa imadzigwera yokha n'kusiya dzenje lokoka chilichonse, ngakhale kuwala sikutulukamo. Kuli malo ena kumwamba kumene nyenyezi zinaunjikana zikwi mazanamazana malo amodzi, ngati anthu pa depoti tsiku lotsekera sukulu. M'chipiringu choterocho maenje aja, poti ndi olemera, amamira n'kukasonkhana pakati. Awiri amagwirana n'kumazungulirana. Likadutsa lachitatu limawakankha, mwina n'kulanda mmodzi n'kuthamangitsa winayo, ndipo kukankhana kulikonse kumawayandikizitsa otsalawo, mpaka tsiku lina amawombana.

"Ndiye pali chachilendo chanji?" anafunsa dalaivala. "Si munamvaponso ena?"

"Awa ndi olemera mopitirira. Palibe nyenyezi imodzi imene ingasiye dzenje lotere. Ndiye kuti lililonse mwa awiriwa linabadwa pa kuwombana kwina m'mbuyomu, kenako linapezanso mnzake. Zimenezo zimatheka m'chipiringu mokha. Ine ndakhala ndikulemba masamu ake zaka khumi ndi chimodzi, anthu n'kumandimvera chisoni."

"Kuteroko ndi ukwati wachiwiri," anatero amagetsi.

"Wachiwiri, mwina wachitatu."

"Ndiye n'chifukwa chake sanachedwe. Phi, basi. Odziwa kale."

Oyeretsa anaseka mobisa nkhope. Adokotala anadikira kuti zithe, kenako ananena chimene anatiitanira. Maenje opepuka amalira nthawi yotalikirapo, mawu ake n'kumakwera ngati kambalame, ndipo munthu sangawasokoneze ndi china. Olemera amangoti phi, ngati chinthu chagwa. Makina anzake a kutsidya kwa nyanja, amene akanachitira umboni, tsikulo anali otseka, akukonzedwa. Kachida komvera kugwedezeka kwa nthaka cha kumapeto kwa mpope wakumpoto anali atakachotsa Lolemba kuti akakasinthe. Ndiye umboni wotsala unali ife.

"Alipo amene anagwetsa kanthu, kumenya kanthu, kuyendetsa kanthu dzulo cha m'ma 2:41? Sindikalipa. Ndingofuna kudziwa."

Amagetsi anati anali kuchimbudzi, ndipo atha kufotokoza zonse ngati zikufunika pa sayansi. Adokotala anati sizikufunika. Dalaivala anali m'tauni. Oyeretsa anali m'maofesi. Kenako anatembenukira kwa a Nyang'ama.

"Inu bambo sindikufunsani. Buku lanu ndaliona kale. Likati palibe, ine ndimagona tulo."

A Nyang'ama anayang'ana kapu yawo. Adokotala anati afufuza zonse kwa mlungu umodzi, ndipo Lachisanu la mlungu wotsatira atumiza kalata kwa anzawo a m'maiko onse.

Masiku otsatirawo a Nyang'ama anasiya kudzadyera buledi wawo pageti. Ankasaina osandiyang'ana. Lamulungu masana ndinapita kwawo. Ndinawapeza atakhala pampando kuseri kwa nyumba, wowotcherera uja akugogoda chitsulo kuseri kwa mpanda. Akazi awo anandilonjera ali kukhitchini, ndipo ndikhulupirira kuti mzere wonse wa nyumba unadziwa kuti ndafika.

"Alamu, mwachita bwino kubwera. Afunseni anzanuwa. Nthiti zabiriwira ngati biringanya, akuti udzu. Udzu wanji womenya munthu m'nthiti? Ine zaka makumi atatu ndikuchapa malaya awo, udzu ndimaudziwa."

A Nyang'ama anadikira kuti wowotcherera apume. Kenako ananena, osakweza mawu. Anali pa 64, kumpope wakumpoto, akukankha wilibala yodzaza. M'maso munachita mdima. Anagwera wilibala, wilibala inagunda simenti ya mpope. Atatsegula maso wotchi inali pa 2:52. Aka kanali kachitatu chaka chimenecho, koma kawiri koyambako anagwera pa udzu, ndipo udzu sulira.

"Ndiye maenje a Adokotala aja ndinu," ndinatero.

"Mwina ndine ndi wilibala."

Alamu anatuluka ndi mbale m'manja. "Ndiye mukufuna mukadzinenere? Akakuchotseni? Maenje a kumwambawo akudziwani inu? Munthu wagwa, wadzuka, wabwera kwawo, nkhani yatha. Mayiyo alembe kalata yake, anthu aombe m'manja, inu muzitchetcha."

"Akauze dziko lonse kuti amva zakumwamba, pamene amva ine?"

"Nanga dziko lonselo likudzafunsani?" Anaika mbale pansi, naima kaye. "Komanso nenani. Eya, kaneneni. Akuchotseni, mudzakhale pano. Mukafuna kugwa muzigwera pakhonde pomwe tikukuonani, osati kutchire uko, tidzachite kuuzidwa ndi akhwangwala."

"Ndiye ndichite ziti, mayi?"

"Zonse ziwiri ndanena, sankhanipo. Ine ndili ndi mphika pamoto."

Atalowa, a Nyang'ama anandifunsa kuti ndikanakhala ine ndikanatani. Ndinati ine ntchito yanga ndi kutsegula geti ndi kutseka. Anati yankho limenelo ndi la munthu wamantha. Ndinavomera. Mdzukulu wina anakweza wailesi. A Nyang'ama anatseka maso.

"Akandichotsa, pano tsiku lonse, achimwene," anatero. "Lolemba mpaka Lolemba."

Lolemba sanalembe. Lachiwiri anaima pabuku nthawi yaitali, cholembera chili m'manja, kenako analemba za khasu limene linagwa pa 9. Lachitatu Adokotala anadutsa pageti akuimba kanyimbo, chinthu chimene sindinawamvepo, ndipo anawapatsa a Nyang'ama moni wa manja awiri. Lachinayi a Nyang'ama anafika 7 isanakwane. Anakhala pampando wanga, natsegula buku, nalemba mosafulumira. Atamaliza anandipempha kuti ndiimbire Adokotala.

Adokotala anabwera wapansi, kapu ya tiyi ili m'manja. Anawerenga. Ine ndinali nditawerenga kale: "Lachitatu la mlungu watha, cha m'ma 2:40, pa 64. Ndinachita chizungulire. Ndinagwera wilibala yodzaza, wilibala inagunda simenti kamodzi. Ndinadzuka 2:52. Ndachedwa kulemba."

Anawerenganso kachiwiri. Anaika kapu pawindo, nayang'ana kumpoto nthawi yaitali. Nkhope yawo inangoti phwa, ngati mpira wobooka.

"Munavulala?"

"Pang'ono."

"Mukudziwa kuti tsamba ili likafika ku ofesi?"

"Ndikudziwa."

Anatseka buku. Kenako anati, "Mumalemera makilo angati, bambo?"

"Makumi asanu ndi asanu ndi atatu, ndi nsapato."

Anthu a sayansi amenewa ali ndi kachitidwe kawo. Akakayikira phokoso, sakangana. Amapita pamalopo n'kukalichitanso, kuti aone ngati makina alimve mofanana. Amagetsi anadzaza thumba la mchenga, naliyeza pasikelo ya kustolo mpaka linakwana makilo a a Nyang'ama. Analembapo ndi choko kuti 58. Geti ndinasiyira mnzanga wolondera kumbuyo, chifukwa ine anandipatsa kawailesi kam'manja kolankhulirana ndi a m'nyumba yopanda mawindo. Tinapita wapansi anthu anayi, thumba lili pawilibala. Ndi ulendo wa pafupifupi ola. Panjira amagetsi anafunsa ngati thumbalo lilandira malipiro a tsikulo.

Pa 64 panali chipsera choyera pasimenti. A Nyang'ama analoza pamene anaima, ndi pamene panali wilibala. Anaidzaza udzu, nausindikiza ndi manja monga tsiku lija. Adokotala anauza a m'nyumba kuti akhale tcheru. Amagetsi anaimika thumba kumbuyo kwa wilibala, nalikankha. Thumba linagwa, wilibala inagunda simenti. Adokotala analemba nthawi. Anaimikanso, nakankhanso. A Nyang'ama ankaonerera manja ali kumbuyo.

Kachisanu anati, "Sindinagwe chonchi."

"Munagwa bwanji?" anafunsa Adokotala.

"Ili likugwa ngati lachita kufuna. Munthu amayamba ndi mawondo. Kenako chifuwa chimapeza chogwirira ichi, ndiye wilibala imapita chammbali, osati kutsogolo."

"Madala, thumba lilibe mawondo," anatero amagetsi. "Ndikalipangire?"

Anayesa kulipinda pakati. A Nyang'ama anapukusa mutu. Anayesa kulikankhira chammbali. Anapukusanso. Atakwanitsa kasanu ndi kanayi, a Nyang'ama anavula chipewa nandipatsa, naima kumbuyo kwa wilibala.

"Ayi bambo," anatero Adokotala. "Zimenezo sindilola."

"Simunalolenso tsiku lija."

Anagwa. Anayambadi ndi mawondo. Wilibala inapita chammbali n'kugunda pachipsera pomwe paja. Anadzuka, nadzisasa, nabwezera udzu umene unatayika, nagwanso. Kachitatu Adokotala anawagwira mkono nati akagwanso awaitanira apolisi. Kenako anandiuza kuti ndifunse m'nyumba.

Ndinadina kawailesi. "Kuno pa 64. Mwamva chiyani?"

Panapita kanthawi. Kenako mawu a mayi wa pamakompyuta anamveka: "Mwayamba kale?"

Amagetsi anakhala pansi. Adokotala anandilanda kawailesi, natchula nthawi zonse khumi ndi ziwiri, imodziimodzi. Mayi uja anati adikire. Tinadikira padzuwa. Atabwerera anati palibe. Adokotala anauza amagetsi kuti atenge wilibala yopanda kanthu, athamange nayo, akamenyetse pasimenti ndi mphamvu zawo zonse. Amagetsi anachita mokondwa, katatu, mpaka tayala linapindika. A Nyang'ama anayang'ana kumbali. Mayi uja anati tsopano akuona kanthu kakang'ono, pansi penipeni, kosafanana m'pang'ono pomwe ndi ka Lachitatu kaja.

Adokotala anakhala pathumba. Anaphimba nkhope ndi manja, mapewa akugwedera. Sindikudziwa ngati ankaseka kapena kulira, ndipo sindinafunse.

"Ndiye si ine?" anafunsa a Nyang'ama.

"Si inu, bambo. Ndi maenje."

"Ndagwa katatu."

"Ndaona."

"Makinawa sakundimva?"

"Lole amaimva. Makina otchetchera amawamva. Munthu wa makilo anu, patali chonchi ndi magalasi, ayi."

"Kuyetsemula?"

"Ndinakuuzani chaka choyamba kuti musamalembe."

"Ndinkayesa mukungondilemekeza."

Anatenga chipewa chawo m'manja mwanga, navala. Anawerama n'kuyang'ana tayala la wilibala.

Pobwerera amagetsi anatsogola, akukoka wilibala yopunduka. Thumba tinalisiya, poti panalibe chonyamulira. Ine ndinali kumbuyo kwa awiriwo, ndiye ndinamva. Adokotala anati lipoti liyenera kunena zonse zimene zinayesedwa ndi chifukwa chake, koma iwo atha kulemba kuti wilibala inagwa, osatchula munthu. Si bodza kwenikweni, anatero, wilibalayo inagwadi.

"Inagwa yokha?"

"Sindilemba kuti yokha. Ndingolemba kuti inagwa."

"Wowerenga aganiza kuti ndinaiimika molakwika. Zaka zonsezi sinagwepo. Komanso thumba la makilo 58 mulifotokoza bwanji?"

Adokotala anangopitiriza kuyenda.

"Lembani mmene zilili m'buku, mayi. Mukayamba kukonza langa, mawa wina adzati mwina munakonzanso lanu."

Kalata ya Adokotala inapita Lachisanu. Lolemba a Nyang'ama anaitanidwa kwa anesi. Anakhalako ola lathunthu. Anatuluka ndi kapepala kopita nako kuchipatala chachikulu, ndi thonje pamkono. Kuchipatalako anati mtima wawo umadumpha, umaima kaye pang'ono kenako n'kupitiriza, ndipo ndi mwayi kuti apezeka. Anawapatsa mapiritsi a moyo wonse. Ofesi inalemba kuti apume kumapeto kwa mwezi. Adokotala anapita kwa akuluakulu kawiri kukapempha kuti awapezere ntchito ya m'kati, ngakhale yosesa. Malo panalibe. Masiku otsalawo anawaletsa kupita kumipope, ndiye ankatchetcha pafupi ndi geti, pomwe ndikuwaona. Udzu wa pamenepo unatha tsiku lachiwiri. Anapitiriza kuutchetcha.

Tsiku lomaliza anapereka chikwakwa kustolo, atachinola. Kunali tiyi ndi mabisiketi. Adokotala analankhula, nati chimene chachititsa kuti anzawo akutali akhulupirire msanga ndi tsamba lija la kuyesa, chifukwa laonetsa kuti pano ngakhale munthu akakomoka amalemba nthawi. Anthu anaomba m'manja. Amagetsi anati maenje awiri aja anayenda zaka zosawerengeka kudzangochotsa munthu ntchito. A Nyang'ama anapemphedwa kuti anenepo mawu. Anaimirira nati pa 31 pali mavu, wobwerayo asamale. Anakhala pansi.

Tsopano ali kunyumba. Ananenepa pang'ono. Alamu amawapatsa mapiritsi 8 koloko m'mawa ndi 5 koloko madzulo, ndipo anthu a mzere wonsewo amadziwa nthawi yake. Chigwereni pa 64 sanagwenso. Wowotcherera uja anagula makina achiwiri.

Ndimapitako Lamulungu lililonse masana. Timakhala kuseri kwa nyumba, osalankhula zambiri. Za maenje safunsa. Za udzu anafunsa kamodzi, nditati watalika sanafunsenso. Chimene amafunsa ndi thumba lija. Palibe analandira lamulo lolichotsa, ndiye lidakali pa 64, ndipo wotchetcha watsopano amalizungulira.

"Lija lidakalipo?" anafunsa Lamulungu lapitali.

"Lilipo."

"Anesi sanaliitane?"

"Ayi."

"Linagwa kasanu ndi kanayi, inu mukuona."

"Ndinaona."

Anagwedeza mutu. M'nyumba alamu anaitana kuti 5 yakwana, ndipo a Nyang'ama anadzuka kukamwa piritsi.